Telala wa chigoba ndi mlandu wa ku Joni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa kwathu amene amagwira ntchito yaulonda usiku kufupi ndi Jeppestown, ndipo masana akadzuka amajambula. Wandilola kuti ndimuyankhe pano popanda kutchula dzina lake. Akuti watha miyezi isanu ndi itatu akujambula komiki, nthano ya zithunzi zokhala m'timabokosi, mawu a anthu ali m'timitambo pamwamba pa mitu yawo. Nthanoyo ndi ya telala wa ku Malawi amene mng'ono wake anawomberedwa ndi gulu la achifwamba lotolera lendi mokakamiza m'nyumba ina yosanja ya m'tauni. Apolisi anatsegula mlandu, mlanduwo unazilala, ndipo telalayo anavala chigoba n'kuyamba kusaka anthuwo mmodzimmodzi usiku. Mafunso ake ndi awiri: kodi telalayo aphe mtsogoleri wa gululo pa tsamba lomaliza, popeza iye akuona kuti chilungamo chake n'chomwecho, ndipo kodi chigobacho chikhale cha gule wamkulu kuti owerenga adziwe kuti ngwaziyi ndi ya kwathu?

Achimwene, ndawerenga masamba khumi ndi awiri amene munanditumizira, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti mkwiyo umene uli m'menemo ndi woona. Simunaubwereke m'mafilimu. Dziko lino la South Africa m'chaka cha 2022/23 linalemba anthu ophedwa oposa 27,000, ndiye kuti anthu pafupifupi 75 tsiku lililonse, ndipo ambiri mwa opha anthuwo sanafike pamaso pa woweruza. Kwa ife alendo palinso mtolo wina pamwamba pake. Munthu amene chiphaso chake chinatha mphamvu akaberedwa amayamba wadzifunsa ngati kupita kupolisi si kukadzipereka yekha, ndipo achifwamba amadziwa zimenezi bwino kuposa ife. Ndiye mukajambula telala atakhala pa benchi ya kupolisi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, pepala la nambala ya mlandu lili m'manja, palibe Mmalawi wa ku Hillbrow, Yeoville kapena Mayfair amene anganene kuti mwawonjezera.

Koma nthano yanuyi mzinda uno unaiona kale ndi maso, osati kamodzi, ndipo ndikufuna muidziwe musanasankhe mathero.

M'zaka za m'ma 1950 anthu a ku Alexandra ankazunzika ndi gulu lotchedwa Spoilers, limene linkalanda anthu malipiro ndi kuopseza eni mashopu, apolisi osachitapo kanthu. Mkulu wina wamalonda, Shadrack Matthews, anasonkhanitsa amuna oti aziteteza anthu, ndipo gululo linadziwika ndi dzina loti Msomi. Poyamba anthu anapuma. Koma oteteza amafuna kudya, choncho anayamba kutolera ndalama za chitetezo, ndipo amene wakana kupereka ankamuona ngati mdani. Sipanapite zaka zambiri, a Msomi anali oopsa kuposa a Spoilers aja, ndipo Matthews anadzamangidwa n'kuweruzidwa kuti aphedwe. Akuluakulu amati walira mvula walira matope, ndipo anthu a ku Alexandra matopewo anawaponda okha. Ngakhale magulu a m'ndende a 26, 27 ndi 28, amene aliyense kuno amawaopa, amaloza chiyambi chawo kwa Nongoloza, amene anafotokoza yekha kuti analowa m'tchire chifukwa bwana wake anafuna kumugwiritsa ntchito zaka ziwiri popanda malipiro pa mlandu wa hatchi yosowa. Iyenso anayamba ngati munthu wolakwiridwa, n'kukathera m'mapiri a kummwera kwa Johannesburg akulanda anthu a m'migodi amene ankabwerera kwawo ndi timalipiro tawo.

Chitsanzo chimene chikufanana kwambiri ndi tsamba lanu lomaliza chinachitika ku Cape Town. Pa 4 Ogasiti 1996 anthu a gulu la PAGAD, lolimbana ndi achifwamba ndi mankhwala ozunguza bongo, ambiri atakulunga nkhope ndi nsalu, anaguba kupita ku Salt River, ndipo Rashaad Staggie, mmodzi wa atsogoleri a gulu la Hard Livings, anawomberedwa n'kuotchedwa makamera akujambula. Mtsogoleri wa achifwamba anafa ndithu, pamaso pa dziko lonse, m'manja mwa anthu obisa nkhope amene anali atatopa ndi mankhwala ozunguza bongo m'madera mwawo. Gulu la Hard Livings silinathe. M'bale wake amene anabadwa naye mapasa, Rashied, anapitiriza, ndipo iyenso anadzawomberedwa mu Disembala 2019 mumsewu womwewo. Pakati pa imfa ziwirizo pali zaka 23 ndi maliro osawerengeka a ana a ku Cape Flats. Mukatseka buku lanu pa chithunzi cha mtsogoleri atagwa, mudzakhala mutauza owerenga kuti nkhani yathera pomwepo, pamene aliyense amene anakhalapo m'nyumba zolandidwa za m'tauni akudziwa kuti Lachisanu lotsatira pakhomo padzagogoda munthu wina wofuna lendi yomweyo.

Taganizirani za nyumba ya Usindiso mumsewu wa Albert ku Marshalltown, imene inapsa pa 31 Ogasiti 2023 n'kupha anthu 76, Amalawi anzathu ali momwemo. Nyumbayo inali ya khonsolo ya mzinda. Kale inali ofesi ya ziphaso za tsankho, kenaka malo osungirako amayi ozunzidwa, mpaka inagwa m'manja mwa anthu otolera lendi. Pa kafukufuku amene anatsogolera woweruza wopuma Sisi Khampepe, munthu wina anavomera kuti ndiye anayatsa motowo pofuna kubisa mtembo wa munthu amene anamupha, ndipo kafukufukuyo anapezanso khonsolo yolakwa chifukwa chosiya nyumbayo kufika pamenepo. Telala wanu akanapita ku Usindiso usiku ndi chigoba chake, akanalanga ndani? Woyatsa moto, womutuma, wotolera lendi, wokhoma zipata za m'makonde, kapena wa mu ofesi amene ankadziwa zonse n'kukhala chete? Mlandu wotere sukwana m'chibakera cha munthu mmodzi, ndipo nthano imene ikuuchepetsa kuti ukwanemo yasiya mbali yaikulu ya choonadi panja.

Pali chinthu chinanso chimene chimandivuta kwambiri, ndipo ichi n'chokhudza ife eni. Mumzinda uno, anthu akavala zobisa nkhope n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo usiku ponena kuti akusaka zigawenga, kawirikawiri amene ali kuseri kwa chitseko ndi ife. Mu Meyi 2008 chipwirikiti chinayambira ku Alexandra n'kufalikira, anthu 62 anafa, ndipo m'misewu ankaimitsa munthu n'kumufunsa dzina la chigongono m'Chizulu, akalephera kunena kuti indololwane basi waweruzidwa. Mu Epulo 2022 ku Diepsloot, anthu atakwiya ndi kuphana kumene kunachuluka m'deralo, gulu lina linayenda usiku kufunsa mapasipoti, ndipo bambo wina wa ku Zimbabwe amene anathawa ndi mantha anagwidwa, kumenyedwa n'kuotchedwa. Palibe khoti limene linamupeza ndi mlandu uliwonse. Amene anamupha ankadziona monga momwe telala wanu amadzionera, anthu olakwiridwa amene boma lawataya.

Ineyo ndinaonapo zotere pa siteji ina ya mataxi m'tauni. Mayi wina anakuwa kuti wabedwa foni, anthu anafuula kuti vimba, kutanthauza kuti mutchingeni, ndipo mnyamata amene anali kuthamanga anagwetsedwa pansi. Anamumenya ndi njerwa ndi malamba, ndipo atamusecha foniyo sanampeze nayo. Ena anati anaponyera mnzake, ena anangobalalika. Ndinaima pomwepo osatsegula pakamwa, chifukwa ndinadziwa kuti kalankhulidwe kanga kandiulula kuti ndine mlendo, ndipo mpaka lero nkhope ya mnyamatayo imandibwerera. Sindikudziwa ngati anaba. Amene ankamumenyawo nawonso sankadziwa, ndipo funso limeneli ndi limene masamba anu khumi ndi awiri sanafunse ngakhale kamodzi: telalayo amadziwa bwanji kuti amene wamugwira ndi yemweyo? M'nthano yanu sasokoneza munthu. Aliyense amene wamupeza ndi wolakwa, chifukwa inu wojambula mwaika chipsera pa tsaya ndi mfuti m'chiuno kuti tisakayike. Pamsewu weniweni palibe amene amatijambulira chipsera.

Tisanamizire kuti matendawa ndi a kuno kokha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo mpaka ku Blantyre, ena mwa iwo alendo ongodutsa kapena odwala misala. Timadziwa tonse fungo la tayala pamsika wakuba akagwidwa. Ndipo amene tinakula nthawi ya chipani chimodzi timakumbukira a Payoniya ndi ayufi ataima pachipata cha msika kufunsa khadi, anthu amene sankayankha kwa mfumu kapena kwa woweruza, mpaka asilikali anadzalanda a Payoniya zida mu Disembala 1993. Owerenga anu akulu msinkhu akaona munthu wolanga popanda womufunsa, sadzaona ngwazi yokha, adzakumbukiranso zimenezo.

Popeza ndinu wojambula, mudziwenso kuti komiki ya ngwazi yothana ndi matsotsi inayamba yatulukapo kuno. Mu 1975 panatuluka ina yotchedwa Mighty Man, yolembedwera anthu akuda a m'malokeshoni monga Soweto, ndipo pambuyo pake zinaululika kuti ndalama zake zinkachokera mwachinsinsi ku nthambi yofalitsa nkhani ya boma la tsankho. Ngwaziyo inkamenya mbava ndi ogulitsa chamba, koma malamulo a ziphaso sinkawakhudza, ndipo boma linaikonda chifukwa chomwecho: inkaphunzitsa ana kuti vuto la mudzi wawo ndi mnyamata woipa wa pakona, osati amene anamanga mudziwo motero. Zitadutsa zipolowe za ku Soweto za mu Juni 1976 komikiyo sinakhalitse. Sindikunena kuti yanu ndi yotero, koma ndikupempha kuti muyang'ane amene telala wanu sawakhudza. Ngati m'masamba onse akungothamangitsa anyamata a zaka makumi awiri, pamene mwini nyumba, wapolisi wolandira chiphuphu ndi wogulitsa mfuti sakuoneka, ndiye kuti nthanoyo ikugwira ntchito imene inu simunaitume.

Tsopano za chigoba. Ndikumvetsa chimene chikukukokani, chifukwa palibe chovala cha ngwazi ya kunja chimene chingapose chilombo chikamatuluka fumbi lili koboo, ndipo dziko lonse linavomereza ulemu wake pamene UNESCO inalemekeza gule wamkulu mu 2005. Koma ndikukulangizani kuti musatero, ndipo chifukwa chake si mantha okha. Za kudambwe sizikambidwa pa intaneti, ndipo sindizikamba, koma zimene aliyense woima pabwalo amaona n'zokwanira. Chilombo sichituluka chifukwa chakuti chakwiya. Chimatuluka pa maliro, pa chinamwali, polonga mfumu kapena pa chiliza, m'mudzi umene uli ndi mzinda, kutanthauza ufulu wochititsa gule, ndipo mfumu ndi akuluakulu a mwambo amadziwa za kutulukako. Pali ng'oma, pali amayi oyimba amene amayankha, pali nthawi yobwerera. Chikamadzudzula khalidwe loipa chimadzudzula pamaso pa mudzi wonse, ndipo chimene chikulankhula ndi mwambo wa makolo, osati chidani cha munthu mmodzi. Mafumu a Achewa akhala akudzudzula anyamata amene amavala zilombo n'kumatchinga misewu, kumenya ndi kulanda anthu, chifukwa chigoba chikachoka pansi pa ulamuliro wa bwalo chimasanduka chobisalira wachifwamba. Telala wanu alibe mfumu, alibe ng'oma, alibe womubweza. Mukamuveka chigoba cha gule mudzakhala mutatenga khungu n'kusiya mtima wake, ndipo a kwathu ku Dedza, Dowa kapena Kasungu adzakhala ndi chifukwa chomveka chokwiyira.

Kumbukiraninso amene adzawerenge. Amalawi a ku Joni si Achewa okha. Ambiri ndi Ayao a ku Mangochi ndi Machinga amene mumawapeza ku Mayfair ndi Fordsburg, ena ndi Atonga a ku Nkhata Bay ndi Atumbuka a ku Mzimba amene makolo awo anayamba kubwera kuno nthawi ya Wenela. Ndipo tsamba limodzi likangoyenda pa WhatsApp popanda mawu ake, mwini dziko amene amatida kale adzaona mlendo wovala zoopsa akupha anthu usiku, n'kunena kuti si izi tinkanena. Munthu wanuyo ndi telala, ndiye musiyeni asoke chigoba chake. Asoke ndi zidutswa za zitenje zotsala pa makina, kapena ndi malaya a yunifolomu a mng'ono wake, ulusi ukuoneka, ndipo chizing'ambika pang'onopang'ono nthano ikamapita. Chimenecho chidzanena za kwathu ndi za chisoni chake popanda kubwereka mphamvu imene si yake.

Pa funso la kupha, yankho langa ndi ili: ngati mukuona kuti telalayo ayenera kupha, aphe pakati pa buku, osati pa tsamba lomaliza, ndipo mukhale ndi mtima wojambula zimene zidzatsatire. Komiki ili ndi mphamvu imene filimu ilibe, chifukwa pakati pa bokosi lina ndi linzake pali kampata koyera pamene wowerenga amamalizira yekha. Mungathe kuonetsa dzanja litakwezedwa m'bokosi loyamba, ndipo m'lachiwiri n'kuonetsa m'mawa, mayi akukolopa pakhonde, ana a sukulu akulambalala madziwo. Magazi ochuluka amene mwathira pa tsamba lachisanu ndi chiwiri akuchepetsa mantha m'malo mowonjezera, ndipo ndingakonde mutawachotsa. Onetsani m'malo mwake kuti mnyamata wophedwayo anali ndi amayi ake. Onetsani kuti gulu likasowa amene wawapha limabwezera pa amene lingawapeze, ogulitsa tomato pakhomo ndi alonda onga inu. Ndipo usiku wina telalayo asokoneze munthu. Agwire mnyamata wovala jekete yofanana, ndipo adzamve m'mawa pa gulu la WhatsApp la anthu a kwawo kuti pakufunika chopereka chotumizira maliro kumudzi, mtembo udutse Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, iyeyo n'kuponyamo R200 yake dzanja likunjenjemera. Pamenepo mudzakhala mutalemba chinthu chimene sindinachionepo m'komiki iliyonse.

Musaope kuti mukatero nthano idzasanduka ulaliki wouza anthu kuti akhulupirire apolisi. Owerenga anu sangakukhulupirireni, ndipo mwina inunso simungadzikhulupirire. Koma dziwani malire a lamulo kuti munthu wanu aziwoloka akudziwa chimene akuwoloka. Lamulo la milandu la 1977 limalola munthu wamba kugwira amene wamuona akupalamula mlandu waukulu n'kumupereka kupolisi, koma silimulola kumulanga. Chilango cha imfa Khoti la Malamulo Aakulu linachithetsa mu 1995, choncho telala wanu akudzipatsa mphamvu imene ngakhale boma linailanda m'manja mwake. Pakati pa kukhala chete ndi kupha pali njira zambiri zimene zili ndi zoopsa zake zokwanira kudzaza buku: kutsatira ndalama za lendi kuti zimathera kwa ndani, kujambula nkhope ndi nambala za galimoto, kupeza mtolankhani kapena loya, kunyengerera anthu a m'nyumbamo kuti alankhule pamodzi. Munthu wosoka ali ndi maso oona msoko umene wina sangauone, ndipo luso limenelo simunaligwiritse ntchito.

M'masamba anu muli munthu mmodzi amene mwamujambula kawiri kokha, mayi wogulitsa mandasi pa masitepe amene anaona kuwomberako. Ndikuganiza kuti buku lanu lili mwa iyeyo. Alibe chigoba, gulu likudziwa chipinda chake, mapepala ake mwina ndi osalongosoka, ndipo akapita kukhoti kukaloza chala adzabwerera kukagona m'nyumba yomweyo. Kwathu timati mlandu suola, koma suola chifukwa pamakhala wina amene anaona ndipo akulolera kunena pabwalo, dzina lake likudziwika. Mumuike maso ndi maso ndi telalayo. Amuzindikire ndi kayendedwe kapena ndi msoko wa chigobacho, popeza ndi yemwe anamusokera diresi, ndipo amufunse kuti: inu mukabisa nkhope, amene adzalipire ndani? Sindikuuzani chimene telalayo ayankhe, chifukwa nthano ndi yanu, koma ine monga wowerenga ndidzadikira tsamba limene adzavule chigobacho pamaso pa munthu amene angathe kumuweruza, kaya ndi woweruza wa khoti, kaya ndi mayi wa mnyamata wosalakwa uja, kaya ndi amayi ake omwe kumudzi pa foni.

Za chilankhulo munachita bwino kusiya achifwamba akulankhula zosakaniza za m'tauni ndipo telala akuganiza m'Chichewa, musasinthe. Chepetsani mawu m'timitambo ta tsamba lachitatu, chifukwa akuphimba nkhope ya mng'onoyo pa nthawi yokhayo imene tikumuona ali moyo, ndipo tiyenera kumudziwa kuti imfa yake itipweteke. Mumupatse masamba ena awiri, akudya nsima ndi mkulu wake pansi pafupi ndi makina, akukangana za ndalama zotumiza kumudzi. Mukajambula zimenezo pamodzi ndi tsamba la mayi wa mandasi, munditumizirenso, ndidzawerenga.